Mizere Itatu ya Mayi Chidindo

Owerenga, dzina langa ndine Fumie Tokunaga, koma kwa zaka khumi ndi zisanu kuntchito ankanditchula kumbali kuti Mayi Chidindo. Ankayesa kuti sindidziwa. Ndinkadziwa bwino lomwe, ndipo kunena zoona dzinalo linkandikomera. Lero ndikuululireni mmene ine, mlonda wa malamulo, ndinawaphwanyira m'chaka chimodzi ndili ndi zaka 58.

1

Ndinali mkulu wa aphunzitsi pa sukulu ya atsikana olakwira malamulo, kumapiri a kumpoto kuno ku Japan. Timati sukulu, koma zitseko timakhoma, ndipo mwana satuluka mpaka akuluakulu atavomereza. Anawo amatitcha aphunzitsi ngakhale timayenda ndi mtolo wa makiyi m'chiuno.

Madzulo alionse akatha kudya, mtsikana aliyense amalemba m'kope lake za tsikulo, mphunzitsi n'kumuyankha pansi pake ndi cholembera chofiira. M'mawa makope onse ankabwera patebulo panga. Ndinkawerenga mayankho a aphunzitsiwo, n'kudinda. Lamulo langa linali limodzi: yankho lisapitirire mizere itatu.

Amene ankavutika nalo kwambiri anali Chiharu Nagase, mphunzitsi watsopano wa zaka 24, munthu wa misozi yapafupi.

"A Nagase, ichi n'chiyani?" ndinamufunsa m'mawa wina, nditatsegula kope.

"Yankho, mayi."

"Yankho kapena kalata yofunsira mbeta? Masamba awiri! Nanga apa panyowa bwanji?"

"Ndinalira pang'ono."

"Mukafuna kulira muzilirira m'ndowa yokolopera, madziwo tigwiritse ntchito. Mwana wa pano safuna mayi wachiwiri, amafuna mphunzitsi. Mizere itatu."

"Ngakhale atalemba kuti agogo ake amwalira?"

"Itatu. Mukaisankha bwino imakwana."

Anawerama n'kutuluka, akupukuta mphuno. Ine ndinadinda kope lotsatira mtima uli m'malo.

2

Mu Epulo munabwera Mirei Iwase, wa zaka 17. Anaba njinga yamoto n'kukagwa nayo m'munda wa mpunga, ndipo aka kanali kachitatu. Woweruza anatopa naye, mwini mundawo anatopa kwambiri.

Kwa masiku makumi anayi Mirei ankalemba liwu limodzi m'kope lake: "Palibe." Nagase ankayankha mokhulupirika mizere yake itatu, mawa lake n'kupezanso "Palibe."

Nkhani ya mwanayu inali yovuta. Pano mwana akachita bwino amatuluka pakatha miyezi khumi ndi umodzi, koma pokhapokha pali munthu wamkulu wosaina kuti amutenga n'kumakhala naye. Mayi ake a Mirei anakwatiwa kwina, ndipo kalata yathu anaiyankha mwachidule kuti ayi. Bambo ake, dalaivala wa lole, sankayankha n'komwe. Popanda wosaina, mwezi wake wotuluka wa Malichi ukanabwera n'kupita Mirei akuonabe mpanda womwewo.

Tsiku la makumi anayi ndi limodzi sanalembe liwu. Anangojambula duwa lozungulira limene kuno aphunzitsi a ana ang'onoang'ono amajambula m'kope mwana akakhoza. Koma lake linali ndi ndevu za mphaka, zitatu uku, zitatu uku.

Chidindo chinandipulumuka m'manja n'kugubudukira pansi pa kabati.

Ndinatenga fayilo yake n'kutsegula tsamba la banja. Mwanayu ankatchulidwa dzina la kwa mayi ake, n'chifukwa chake sindinalabadire poyamba. Dzina la bambo ake ndinaliwerenga katatu. Kenako ndinagwada, n'kutola chidindo changa, n'kuitana Nagase.

"Kuyambira lero kope la Iwase ndiziyankha ndekha."

"Ndalephera, mayi?"

"Simunalephere. Ndangofuna ndione ngati dzanja langa likukumbukirabe ntchito."

Limeneli linali bodza langa loyamba.

3

Ndinalemba kuti: "Duwali wakuphunzitsa ndani?"

Anayankha: "Palibe."

Ndinalemba: "Palibe ameneyo ali ndi luso."

Mawa lake ndinapeza mzere wathunthu: "Aphunzitsi, n'zoona kuti mumagona ndi chidindo pansi pa pilo?"

"Bodza," ndinayankha. "Chimagona pabedi, ine pansi."

Basi, mpopi unatseguka. Analemba za kabichi wake wa kudimba la sukulu amene mbozi zinkamudya. Analemba za mtsikana wa chipinda choyandikana amene amaliza mkonono ngati thirakitala. Tsiku lina analemba kuti ali wamng'ono bambo ake ankamujambula duwalo pachikhatho akamanyamuka ulendo wautali, n'kumuuza kuti asasambe m'manja mwamphamvu, adzabwera lisanafufutike. "Ulendo womaliza linafufutika, aphunzitsi. Zaka zinayi tsopano."

Mayankho anga anayamba kunenepa. Mizere isanu, khumi, tsamba lonse. Mu Juni Mirei atakhoza mayeso ake oyamba m'moyo wake, dzanja langa linajambula lokha duwa lofiira pansi pa tsamba, ndevu zake zonse, n'kuwonjezera kamchira kopindika. Ndinazindikira inki itauma kale.

Nagase anandipeza tsiku lina kope lili lotsegula.

"Mayi, ndawerenga mizere makumi awiri ndi iwiri."

"Kakonzetseni maso."

"Ndiponso apa panyowa."

"Ndi tiyi."

"Tiyi wake wopanda mtundu, mayi?"

"A Nagase, kulibe ntchito kuchipinda chosokera?"

Anatuluka akuluma mlomo kuti asaseke. Paja chala sichiloza mwini, ndipo changa chinali chitaloza anthu zaka khumi ndi zisanu.

4

Lamlungu lililonse ndinayamba kusowa. Ndinadaya imvi, ndinagula malaya obiriwira, ndipo ndinkakwera sitima maola awiri kupita ku tawuni ya padoko. Kumeneko, m'lesitilanti ya madalaivala, ndinkadikira mwamuna wina.

Lamlungu loyamba anangondiona pakhomo n'kubwerera. Lamlungu lachiwiri anakhala, anadya mpunga wake ndi nyama ya nkhumba osatukula mutu, n'kuchoka. Lamlungu lachisanu ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Mukufuna chiyani kwa ine patapita nthawi yonseyi?"

"Sindikupempha za ine, Naoto. Mu Okutobala kuli tsiku la masewera, makolo amaloledwa. Bwera udzamuone mwana wako Mirei."

"Mwana uja ndinamulephera. Ndipita ndi nkhope yanji?"

"Yomweyo. Inenso ndabwera ndi yangayi."

"Ngakhale nditapita, kusaina sindingasaine. Ndimagona m'chipinda cha kampani ndi amuna anzanga atatu. Ndikamuika kuti, pansi pa bedi?"

"Zimenezo tiona. Iwe bwera."

Ndinamugwira dzanja. Sanalichotse, ndipo ndinatsala pang'ono kulirira m'mbale yake. Chimene sindinadziwe n'chakuti Nagase ali ndi azakhali ake m'tawuni imeneyo, ndipo lesitilantiyo ili ndi windo lalikulu.

Lolemba nditalowa m'chipinda cha aphunzitsi, onse anakhala chete, kenako wina anatsokomola chiseko. M'dirowa yanga ndinapezamo lipisitiki. Nthawi ya nkhomaliro mayi wophika anandiikira nsomba ziwiri.

"Idyani, mayi, chikondi chimafuna mphamvu. Akuti mwamunayo ndi wamng'ono, eti?"

"Ndani wanena?"

"Aaa, kuno makoma ali ndi makutu. Ife tangosangalala. Tinkayesa mudzakwatiwa ndi kabati ya mafayilo."

Sindinatsutse. Kunali kwabwino kuti aziti nkhalamba yapenga ndi chikondi kusiyana n'kuti adziwe zoona. Nsomba ziwirizo ndinadya zonse.

5

Tsiku la masewera kunacha bwino. Makolo anayala mikeka m'mbali mwa bwalo, aliyense ndi bokosi la chakudya lokulungidwa m'nsalu. Ana amene makolo awo sabwera amadya ndi aphunzitsi, ndipo Mirei anali atalembetsa kale dzina lake pagulu limenelo.

Pa mpikisano wothamanga awiriawiri atamangidwa mwendo, Mirei anamangidwa ndi Nagase. Anagwa katatu.

"Aphunzitsi, kumanzere kwanu kuli kuti kodi?" anakuwa Mirei, bwalo lonse n'kufa ndi chiseko.

Belu la nkhomaliro litalira, pachipata panatulukira mwamuna wamtali, atavala suti yothina, bokosi lili m'manja. Mirei anaima chilili. Anayenda pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ababa, sutiyi mwabwereka kwa mwana wa sukulu?"

"Ndi ya pa ukwati wanga. Yachepa yokha."

"Mwachedwa."

"Ndikudziwa."

"Zaka zinayi."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Anamumenya pachifuwa kawiri ndi nkhonya, kenako anamukumbatira, batani la suti n'kuduka. Mpunga woumba umene Naoto anabweretsa unali waukulu ngati mutu wa khanda, ndipo anaiwala mchere. Mirei anadya wonse akulira ndi kuseka. Ine ndinaima patali ngati ndikuwerenga ndandanda ya masewera, pepala lili chadodolido.

Nagase anandipeza kuseri kwa nyumba yosungira makasu. Nkhope yake inali itasintha.

"Mayi, bambo aja ndi aja a m'lesitilanti."

"Ndi omwewo."

"Kholo la mwana wathu! Mwana amene malipoti ake mumadinda ndinu!" Misozi inali italengeza kale. "Ndiyenera kukanena. Munandiphunzitsa ndinu."

"Kaneneni, a Nagase. Mukapanda kunena ndikuchotsani ntchito."

Mungadabwe, koma pa nthawi imene madzi anandifika m'khosi, mtima wanga unanyadira mtsikana ameneyu.

6

Lolemba m'mawa ndinaima pamaso pa bwana Morishita, mkulu wa sukulu yonse. Nagase anali pakona, maso ali psuu.

"A Tokunaga," anayamba bwana, akupukuta magalasi, "chikondi sichiona msinkhu, zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma chibwenzi ndi kholo la mwana wathu..."

"Si chibwenzi, bwana. Naoto ndi mwana wanga wobala ndekha. Mirei ndi mdzukulu wanga."

Magalasi anagwera patebulo.

Ndinafotokoza zonse. Ndili ndi zaka 26 ndinathawa pa banja ndi mwamuna wogulitsa makina osokera. Anali ndi mawu okoma ndi tsitsi lonyezimira. Chikondicho chinatha miyezi isanu ndi itatu, n'kundisiyira makina amodzi, omwenso sankasoka. Ukwati utatha mwana anatsala kwa bambo ake, monga zinkakhalira, ndipo ine ndinasaina ndi dzanja langali. Naoto anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa umene ndinachoka ndinamujambula pachikhatho duwa lathu la ndevu za mphaka, n'kumuuza kuti ndibwera lisanafufutike. Manyazi anandimanga miyendo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndinalera ana a eni mazanamazana ndi mizere itatu, chifukwa ndinkaopa kuti ndikalemba wachinayi ndiyamba kulira osasiya.

"Bwanji simunanene mu Meyi?" anafunsa bwana.

"Mukanandichotsa pa iye tsiku lomwelo. Ndinali nditangomupeza kumene."

Bwana anapumira m'mwamba. "Chikanakhala chibwenzi bola. Mukudziwa chimene mwachita? Lipoti lililonse lonena kuti Iwase wasintha lili ndi chidindo cha agogo ake. Akuluakulu saliwerengera. Tiyambiranso kumuyesa, ndipo za Malichi muiwale. Mwina Seputembala."

Mapanga awiri avumbwitsa, koma amene ananyowa sanali ine. Ndinafuna kukhala mphunzitsi ndi gogo nthawi imodzi, ndipo ndinabera mwanayo theka la chaka.

Pakona panamveka kutsokomola.

"Bwana, nanenso ndili n'choulula," anatero Nagase. "Mizere itatu sinkandikwanira. Ndiye zotsalazo ndinkalemba m'makope anga, tsiku lililonse, za mwana aliyense. Za Iwase zilimo kuyambira tsiku limene anabwera, ndi madeti omwe. Ngakhale atandilanda kope lake, ndinkamuonabe kudimba ndi kosokera."

"Makope angati?"

"Asanu ndi limodzi, bwana. Ena ananyowa pang'ono, koma amawerengeka."

Bwana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Makope amenewo anapita kwa akuluakulu, ndipo patapita milungu isanu yankho linabwera: umboni wa Nagase ndi wokwanira, Malichi akhale Malichi, bola papezeke wosaina. Misozi imene ndinkati akalirire m'ndowa ndi imene inapulumutsa mdzukulu wanga.

7

Ine bwana anandichotsa pa ana Lolemba lomwe lija, n'kundiletsa kumuona Mirei kapena kumulembera. Mu Disembala ndinasiya ntchito, n'kupempha kuti wosaina ndikhale ine. Akuluakulu anabwera kudzayendera nyumba yanga ngati ya mlendo, mpaka kutsegula firiji. Naoto nayenso anayenera kuvomereza.

"Mukadzamuthawa ngati munandithawira ine," anatero, "sindidzakuyankhulaninso mpaka kumanda."

"Wa makina uja anamwalira kalekale, ndipo maondo angawa sathamanganso."

Anaseka, koyamba. Koma ankanditchulabe kuti a Tokunaga.

Panatsala munthu mmodzi. Mwana sakakamizidwa kupita kumene sakufuna, ndipo Mirei akanakana, zonse zikanagwa. Mu Januwale ndinalowa pachipata changa chomwe ngati mlendo, n'kulemba dzina m'buku la alendo, chikwama n'kusechedwa ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kusecha. Nagase anabweretsa Mirei m'chipinda cha alendo. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma onse anathawa.

"Iwase... Mirei... pali chimene ndinakubisira. Bambo ako ndi..."

"Mwana wanu. Ndikudziwa, agogo."

Ndinayang'ana Nagase, iye n'kupukusa mutu kuti si iye.

"Kuyambira liti?"

"Juni. Mchira uja. Ababa anandiuza kalekale kuti duwa lenileni lili ndi mchira, koma iwo umawavuta, ankautha ndi mayi awo okha amene anathawa. Tsiku lina ndikutsegula kope, mchira uwu! Ndinaluma pilo kuti ndisakuwe."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Akanakuchotsani. Malamulo anu ndimawadziwa kuposa inu. Ndiponso ndimafuna ndione ngati nanunso muthawe." Anandiyang'ana m'maso. "Mu Okutobala mutasowa, ndinati basi, khalidwe lawo lija. Ndinayambanso kulemba 'Palibe.' Aphunzitsi a Nagase ndi amene anandilembera kuti ndidikire, simunathawe, akuchotsani."

"Mizere itatu yokha, mayi," anatero Nagase pakona.

Ndinawerama mpaka mphumi kugunda tebulo. "Ndinalakwira bambo ako, ndinalakwiranso iwe. Ukakana kubwera kwathu, ndimvetsa."

Mirei anatsamira pampando, n'kundifunsa:

"Kwanuko kuli munda wa mpunga pafupi?"

"Kulibe."

"Njinga yamoto?"

"Ndili ndi njinga yakapalasa ya dengu kutsogolo."

"Manyazi ake! Chabwino, ndibwera. Koma pali lamulo. Kope muzilemba ndinu, cholembera chofiira chikhale changa."

8

Mirei anatuluka pa 14 Malichi, chisanu chikusungunuka. Tsopano amagwira ntchito pa galaja ina yokonza njinga zamoto, ndipo mwini wake amati sanaonepo mwana wodziwa kuliza injini popanda kiyi ngati iyeyu. Sitinamufotokozere kumene anaphunzira. Nagase amabwera kudzadya nafe mwezi uliwonse, ndipo ndamva kuti lamulo la mizere itatu linachoka ndi mwini wake.

Kope limakhala patebulo la kukhitchini. Madzulo ndimalemba, nthawi zina masamba atatu, ndipo m'mawa ndimapeza zofiira: "Zachuluka, agogo. Msuzi unali ndi mchere wambiri. Koma mwayesetsa."

Owerenga, sindikukuuzani kuti muziphwanya malamulo a kuntchito. Ine ndinawaphwanya ndipo amene anatsala pang'ono kulipira anali mwana wosalakwa. Ndikanalankhula mu Meyi, ndikanapita kukagogoda kwa Naoto ngati mayi ake, poyera, osati mozemba ngati wakuba. Chimene ndikukuuzani ndi ichi: ngati pali munthu amene munamuuza kuti mubwera posachedwa, ndipo zaka zapita, musadikire nkhope yabwino yopita nayo. Sidzabwera. Pitani ndi yomweyo. Amati chibale ndi fupa, sichiola, koma ine ndaona kuti fupalo silidziyendera lokha, limafuna munthu akwere sitima.

Naoto amabwera Lamlungu akakhala kuti sali paulendo. Amadya, amakonza zitseko, ndipo amanditchulabe a Tokunaga. Ndinali nditavomera kuti zikhala choncho mpaka imfa, chifukwa dzina linalo ndinalitaya ndekha.

Lamlungu lapitali atapita, ndinatsegula kope kuti ndilembe. Pansi pa tsamba langa panali duwa lofiira lojambulidwa ndi dzanja lalikulu, lokhotakhota, ndevu zitatu uku, zitatu uku, lopanda mchira. Pambali pake panali mzere umodzi wokha:

"Amayi, mchira mumalize ndinu."

Ndinaumaliza. Tsambalo linanyowa, ndipo ulendo uno sindinanamizire tiyi.